Pepala Limene Ankaliveka Maluwa

"Atate, pepala limene timaliveka maluwali likunena chiyani?"

Sudha anafunsa funsoli ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ataimirira pampando, nkhata ya maluwa achikasu ili m'manja. Bambo ake, Kedarnath Nigam, anayang'ana pepalalo m'galasi lake pakhoma la kachipinda kopemphereramo. Linali m'zilembo za Chiurdu, zoyenda kuchokera kumanja kunka kumanzere ngati mdipiti wa nyerere. Agogo a Kedarnath ankadyera zilembo zimenezo, koma iye sukulu inam'patsa za Chihindi zokha. Chimene ankadziwa n'chimene anamuuza mayi ake, omwenso sankawerenga: kuti m'chaka cha 1909 agogo akewo, Munshi Raghubir Sahai, mlembi wa kukhoti, anabisa makina osindikizira a anyamata atatu amene ankalemba timapepala todzudzula atsamunda, ndipo pepalali linali chithokozo cha anyamatawo.

Analitsitsa pakhoma n'kutuluka nalo pabwalo. "Iftikhar bhai, m'bale wanga!" anaitana pamwamba pa mpanda. "Tabwerani ndi magalasi anu, kuno kwagwa mayeso."

Iftikhar Usmani, mphunzitsi wa Chiurdu, neba wa khoma limodzi, anabwera akupukuta m'manja, ndipo Sudha anam'bwerezera funso lake. Anawerenga nthawi yaitali, yaitali kuposa imene mizere isanu ndi inayi ingafune. Kenaka anavula magalasi n'kugwada kuti alingane ndi mwanayo.

"Ndi ndakatulo, mwana wanga. Ikutamanda agogo ako aakulu kuti anali olimba mtima."

Tsikulo Iftikhar anakana tiyi. Kedarnath anadzakumbukira zimenezo patapita zaka makumi atatu.

Pofika nthawiyo anali atapuma ntchito ku ofesi ya njanji, ndipo mumzinda wa Lucknow ankadziwika ndi china: Lamlungu lililonse nyuzipepala ina inkasindikiza ndemanga yake pa mabuku opeka nkhani za makedzana. Mwa zaka zonse zimene dziko laona, iye ankakonda zochepa chabe, zoyambira mu 1900 kufikira nkhondo yaikulu yoyamba. Ankasunga ndandanda zakale za sitima, makalendala otumbuluka, timabokosi ta masingano a galamafoni. Ankati nthawi imeneyo anthu ankalemba kalata akudziwa kuti idzasungidwa, choncho ankalankhula zoona.

"Munakwatira 1909 inu," ankatero mkazi wake Urmila. "Ine ndine wachiwiri, wongophika."

Buku lililonse Kedarnath ankaliwerenga kawiri, koyamba ndi mtima, kachiwiri ndi pensulo. Sankathamangira kuweruza, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma akaweruza ankaweruziratu. Mlembi wina amene anayatsa magetsi m'msewu umene chaka chimenecho unali ukadali wa nyali za mafuta, atawerenga ndemanga ya Kedarnath anasiya zolemba n'kukatsegula golosale.

Iftikhar nayenso anali atalemba buku, ndipo linatuluka koyamba m'Chiurdu, zaka ziwiri m'mbuyomo. Kedarnath sakanatha kuliwerenga, koma anagula maswiti dengu lonse n'kugawa khomo ndi khomo, kwa telala, kwa ophika buledi, kwa ogulitsa nyama.

"Mwalemba za chiyani, bhai?" anafunsa tsikulo.

"Za anthu akufa. Iwo sadandaula."

Tsopano bukulo linali litatuluka m'Chihindi, ndipo linafika Loweruka, kutatsala masiku awiri kuti chikondwerero cha nyali chichitike. Mkonzi wa tsamba la ndemanga m'nyuzipepala ija, mayi wachitsikana dzina lake Pallavi Tandon, anaimba foni.

"Nigam sahib, bwana wanga, ndikufuna ndemanga pofika Lachinayi. Ndamva kuti ndi neba wanu. Musakamunyengerere."

"Mwana iwe, ine sindinanyengererepo ndi mlamu wanga yemwe."

Anakhala pansi pa mtengo wa nimu pabwalo n'kuyamba. Masamba zana oyamba anamulawitsa chimene anakhala akuchifuna m'mabuku kwa zaka zambiri. Ankamva belu la ngolo ya kavalo, fungo la inki ndi la mafuta a nyali, mantha a anyamata atatu onyamula makina usiku atawakuta ndi matumba a tirigu. Kawiri anaseka yekha. Kamodzi anafuna kuitana pamwamba pa mpanda kuti, mdala iwe, unkabisa luso lotere?

Ndiye m'nkhanimo munalowa mlembi wa kukhoti. Dzina linali lina, koma dzanja lake lamanzere linali ndi zala zisanu ndi chimodzi. Kedarnath anaima. Chala chimenecho, cha agogo ake, anam'fotokozera Iftikhar ndi iyeyo, akumwa tiyi. Mlembiyo ankatsokomola kawiri asanalankhule. Zimenezonso anamuuza ndi iye. Mlembiyo anabisa makinawo masabata atatu, anyamata aja akumutcha mkulu wawo, ndipo sabata yachinayi anavala chovala chake choyera n'kupita yekha kupolisi.

Mutu womaliza unali wa tsamba limodzi. Padutsa zaka zambirimbiri. M'nyumba ya mtengo wa nimu, zidzukulu za mlembiyo zikuveka maluwa kalata ya apolisi yothokoza kazitape, popeza palibe amene angaiwerenge. Kamtsikana kakwera pampando n'kufunsa: Atate, pepala limene timaliveka maluwali likunena chiyani?

Kedarnath anatseka bukulo pang'onopang'ono ngati akutseka maso a maliro. Chimene chinayamba kum'bwerera si agogo ake ayi, koma dengu la maswiti lija. Telala amawerenga Chiurdu. Wogulitsa nyama amawerenga Chiurdu. Analandira maswitiwo ndi manja awiri, akumuyang'ana mwaulemu wachilendo umene iye anauyesa chikondi. Zaka ziwiri theka la msewu likudziwa, iye akudutsa ndi ambulera yake, akupereka moni.

Lamlungu ndi Lolemba anawerenganso, tsopano ndi pensulo yosongoka ngati mkondo. Anapeza zolakwa zitatu. Sitampa ya pa envelopu inali ndi nkhope ya mfumu imene inali isanalowe ufumu. Sitima ya ku Kanpur inanyamuka pa ola limene sinkanyamuka. Galamafoni inaimba nyimbo imene inadzajambulidwa patapita zaka zinayi. Zinali zokwanira. Munthu wonama pa sitampa, adzalemba choncho, anganamenso pa munthu. Buku loyamba la nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri silikanadzukanso.

Lolemba madzulo, ana akuyamba kuyala tinyali m'makonde, anakhala patebulo n'kutsegula cholembera. Dzanja la Urmila linafika n'kuchitenga.

"Bweretsa kuno."

"Nyali zayaka. Mwaiwala kuti ndinu mwana wa yani?"

Anthu a mtundu wake, mtundu wa alembi, pa chikondwerero chimenechi amagoneka cholembera ndi botolo la inki patsogolo pa mulungu wosunga mbiri ya zochita za anthu. Tsiku lotsatira lonse salemba kanthu, ngakhale dzina lawo lomwe. Amadzachitolanso mkuja, atapemphera. Kedarnath anali asanaphwanyepo mwambowu, ngakhale chaka chimene abwana a kunjanji anamuopseza nawo.

"Munthu uja wanyoza agogo anga, wapeka bodza, waba ndi mawu a mwana wanga omwe," anatero Kedarnath. "Iwe ukuti ndidikire Lachitatu?"

"Bodza silithawa, mudzalipeza Lachitatu." Urmila anakulunga cholemberacho m'kansalu kofiira. Ali pakhomo anatembenuka. "Nanga ngati sanapeke? Zaka zonsezi mwakhala mukufufuza mawotchi a sitima za eni. Pepala la pakhoma panu munalifufuzapo? Safunsa anadya phula, bambo a Sudha."

Lachiwiri m'mawa, manja alibe chogwira, Kedarnath anazungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Potsiriza analowa m'kachipinda kaja, natsitsa pepalalo, nalikulunga m'nsalu. Anakwera rikisho, njinga yonyamula anthu, n'kuwoloka mtsinje wa Gomti, kupita kudera kumene panalibe womudziwa. Kumeneko anapeza kashopu ka nkhalamba ina, Hafiz Badruddin, yolemba makhadi a ukwati ndi mawu a paziliza.

"Mukufuna ndiwerenge kapena ndikometse?" inafunsa nkhalambayo. "Pakuti ena amabwera ndi makalata a akazi awo akale, amafuna ndikometse."

"Werengani momwe liliri."

Inayandikitsa galasilo kumaso n'kuyamba, chala chikutsata mzere.

"Kwa Munshi Raghubir Sahai. Boma likuthokoza chifukwa cha uthenga umene munabweretsa mwa kufuna kwanu, umene wathandiza kugwira makina osindikizira pamodzi ndi anthu atatu awa: Girdhari Lal Rastogi, Sarju Prasad, ndi Abdul Majid Usmani, mwana wa Karimullah. Pa chifukwa ichi mwapatsidwa malo omangapo nyumba, ndipo kalatayi ikhale umboni wake." Inakweza maso. "Pansipa pali chidindo ndi tsiku. N'chifukwa chake mwini wake sanaliotche, ndi umboni wa malo. Anzake otere ankaotcha. Mwalitenga kuti?"

"Ndinalitola."

"Ehe." Nkhalambayo inanunkhiza chala chake. "Wolitayayo ankalikonda. Galasi lonse fungo la maluwa ndi lubani."

Kedarnath sanamve zimenezo. Khutu lake linali litakodwa pa dzina lachitatu. M'bukumo mayina anali osinthidwa, koma ili ankalidziwa. M'chipinda chochezera kwa Iftikhar munali chithunzi chotumbuluka cha mnyamata wa chipewa chachitali, mkulu wawo wa agogo a Iftikhar, Abdul Majid, amene anatengedwa kundende ya pachilumba kutsidya kwa nyanja osabwerako. Kedarnath anali atamwa tiyi pansi pa chithunzicho kosawerengeka. Analembapo ngakhale m'ndemanga ina kuti nkhope zotere masiku ano sizibadwanso.

Pobwerera anauza warikisho kuti amutsitse patali, nayenda wapansi. Anadutsa nyumba zakale zimene ankazikonda, za makonde osema ndi zaka zolembedwa pamwamba pa zitseko, 1907, 1912, ndipo kwa nthawi yoyamba anadzifunsa kuti iliyonse inagulidwa ndi chiyani. Atafika kwawo anaima pachipata n'kuyang'ana nthaka ya pabwalo, mtengo wa nimu, sitepe yong'aluka imene Sudha anaphunzirirapo kuyenda. Mlandu suola, akulu anatero. Uwu unali utagona pansi pa mapazi ake moyo wake wonse.

Dzuwa litapendeka anakwera padenga. Madenga a nyumba ziwirizi anali afulati, olekanitsidwa ndi kakhoma kofika m'chiuno, ndipo ankadziwa kuti ola limenelo Iftikhar amakhala akudyetsa nkhunda zake. Anam'pezadi, ali ndi mbale ya mapira m'manja. Iftikhar ataona chokulungidwa m'nsalucho anaika mbaleyo pansi.

"Mwawerenga," anatero.

"Kawiri. Ndipo lero andiwerengera ili, kutsidya kwa mtsinje, munthu wachilendo, poti neba wanga amangodziwa kuwerenga ndakatulo."

Iftikhar anatembenukira kwa nkhunda zake.

"Ndakatulo, mwana wanga! Munanena bwino bwanji, mpaka kugwada."

"Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Kedar bhai, maluwa ali m'manja. Mukanafuna ndimuuze chiyani?"

"Nanga ine ndinali ndi zaka zingati? Mawa lake ndinali ndi zingati? Chaka chotsatira? Zaka makumi atatu, Iftikhar sahib! Tamwa tiyi wokwanira kudzaza Gomti. Munanyamula nawo maliro a mayi anga. Pa ukwati wa Sudha munaima pachipata kulandira alendo ngati malume. Nthawi yonseyo pakamwa panu panali potseka, koma makutu ali pululu, kutola chala cha agogo anga, chifuwa chawo, zonse zimene ndinkakuuzani ngati m'bale."

"Ndinkafuna kumumvetsa munthuyo."

"Munkafuna buku!" Nkhunda zinabalalika. "Ndinagawa maswiti, bambo inu. Khomo ndi khomo, ngati chitsiru chovina pa maliro ake omwe. Munandiyang'ana ndikugawa. Munadyako?"

"Ndinadyako imodzi," anatero Iftikhar motsitsa mawu. "Inandikhala pakhosi sabata yonse."

"Ikanakutsamwani."

Iftikhar anakhala pa kakhomako, nsana wake uli wokhota. "Mukufuna ndinene kuti ndinakusungirani mtima? Poyamba ndinkadziuza choncho. Tsiku lija ndinawerenga dzina la Abdul Majid lili pansi pa maluwa anu. Agogo anga anafa akufunsa kuti anam'pereka mkulu wawo ndani. Ankakayikira wophika buledi, mpaka anafa osagula buledi wake, munthu wosalakwa. Ine ndinapeza yankho m'manja mwa kamwana kovala diresi lachikondwerero. Kenaka chaka ndi chaka ndinkamva belu lanu lopempherera kuseri kwa khomali, ndikudziwa chimene mukuchiveka."

"Mukanagogoda."

"Ndinafika pachipata panu katatu. Kachitatu munanditsegulira mukuseka, muli ndi kalendala ya 1909 imene munali mutangoigula kumene. Munali ngati mwana." Anapukusa mutu. "Ndine wamantha, bhai. Kuuza alendo zikwi khumi kunandipepukira kuposa kuuza neba mmodzi. Ndinalemba m'Chiurdu ndikudziuza kuti simudzawerenga. Atabwera ofuna kulimasulira ndikanakana. Sindinakane. Mwina ndinkafuna mudziwe popanda ine kuona nkhope yanu."

"Ndiye ioneni."

Iftikhar anakweza maso, nayang'ana. Pansi m'msewu ana ankatola zotsalira za makombola a dzulo.

"Za agogo anga simunaname," anatero Kedarnath. "Ndinakwera kuno ndikulakalaka mukanakhala mutanama. Abdul Majid anali wanu, munali ndi ufulu womulira m'buku. Koma funso la Sudha silinali lanu. Limenelo munaba m'nyumba mwanga."

"Ndinaba."

"Ndapeza zolakwa zitatu. Sitampa, sitima, nyimbo. Dzulo ndikanakukwirirani nazo. Pofika Lamlungu bukulo likanakhala lokulungira mtedza pamsika."

"Chinakuletsani n'chiyani?"

"Osati inu. Urmila analanda cholembera."

Iftikhar anafuna kuseka koma analeka. "Nanga mawa mukachitola?"

Kedarnath anayang'ana madenga a mzindawo, nsanja za mizikiti ndi za akachisi zili m'chifunga cha utsi wa dzulo. Zaka zake zokondedwa zija zinali pomwepo, zokongola monga kale, koma tsopano ankazimva fungo.

"Mawa ndichitola patsogolo pa wosunga mbiri, amene salemba mokondera. Ndilemba kuti m'zaka makumi awiri sindinawerenge buku loona ngati ili. Ndilemba kuti mlembi wa zala zisanu ndi chimodziyo ndi agogo anga, dzina lawo Raghubir Sahai, kuti telala asavutikenso kundichitira ulemu. Zolakwa zitatuzo ndiziikanso, musaganize kuti mwapulumuka."

"Sitimayo ndinaifufuza bwino."

"Munafufuza ndandanda ya chilimwe. Nkhani yanu ndi ya m'nyengo yozizira."

Iftikhar anaweramitsa mutu.

"Musayese kuti ndakukhululukirani," anatero Kedarnath.

"Sindinapemphe."

"Tiyi wanu sindikudziwa ngati ndidzamwanso. Koma pali ngongole imodzi imene si yanga." Anaika chokulungidwacho pa kakhoma, pakati pawo. "Sudha akubwera mawa ndi mwana wake wamkazi, kudzatola nafe zolembera. Kamtsikanako ndi kamene chaka chino kakanakwera pampando ndi maluwa. Sudha anafunsa funso zaka makumi atatu zapitazo, ndipo mpaka lero sanayankhidwe. Amene munam'namiza ndinu. Sakamva kwa nyuzipepala, sakamvanso kwa ine."

Iftikhar anayang'ana nsaluyo nthawi yaitali, ngati mmene anayang'anira pepalalo tsiku lija.

"Adzandida."

"Mwina. Ine ndayamba kale, ndipo ndikadali pano."

"Nthawi yanji?"

"Tikatha kupemphera, dzuwa lisanafike pamtengo wa nimu. Mulowere pachipata, osati kuitana pampanda. Mubwere ndi magalasi."

"Ndibwera."

"Muwerenge mizere yonse isanu ndi inayi. Mayina onse atatu, mokweza. Osakometsa."

Iftikhar anaika dzanja lake pansaluyo, ndipo Kedarnath sanachotse lake.

"Ndikulonjeza, Kedar bhai. Sindidumpha liwu."

"Inenso ndikulonjeza kuti mukamawerenga sindituluka m'chipindamo."

Nkhunda zinayamba kutera imodziimodzi, zina mbali iyi ya khoma, zina mbali inayo, kutola mapira amene anatayika.